Injini ikawira pa chitunda: zochita panjira ndi zofufuza mukafika ku Mzuzu

Ku Mzuzu n'kozizira, ndipo kuzizirako kumabisa matenda ambiri a galimoto. Mzindawu uli pamwamba, mamita pafupifupi 1,250, kotero galimoto yomwe ntchito yake ndi kuchoka ku Katoto kulowa m'tauni, kapena kupita ku Luwinga n'kubwerako, ikhoza kutha chaka chathunthu radiyeta ili yotsekeka theka mwiniwake osadziwa. Amadzadziwa mu Okutobala kapena Novembala, tsiku lomwe watsikira ku Nkhata Bay. Kutsika kumakoma. Vuto ndi pobwerera: Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500, ndiye kuti injini ikukwera mamita oposa 700 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50, dzuwa lili paliwombo, kumbuyo kuli anthu ndi nsomba zawo. Ochokera ku Karonga amakumana nazo pa Chiweta, atayenda kale maola m'ng'amba ya m'mbali mwa nyanja.

Dzuwa palokha siliwiritsa injini yabwinobwino. Injini imagwira ntchito madzi ake ali pa madigiri 85 mpaka 100 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo mpweya wa ku Karonga, ngakhale utenthe chotani, ukadali wozizira kwambiri poyerekeza ndi pamenepo. Chilimwe chimangoulula chinthu chomwe chinafooka kale. Ntchito yathu ndi kuchipeza, kuyambira pa zotchipa.

Kamuvi kakayamba kukwera muli panjira

Yambani mwadziwa pomwe galimoto yanu imakuchenjezerani. Hilux ndi Hiace zili ndi geji ya kamuvi pakati pa C ndi H. Timagalimoto tambiri tomwe timalowera pa Songwe, monga Vitz, Passo ndi Sienta, tilibe geji, tili ndi kagetsi basi: kabuluu kapena kobiriwira kamayaka m'mawa injini ikadali yozizira, kofiira kamayaka kapena kuphethira zinthu zikafika poipa. Kofiirako kakaoneka, nthawi yoti "tifike kaye pa Mpamba" palibe.

Zimitsani AC nthawi yomweyo. Kenako yatsani hita, muifikitse pamapeto, fani yake pamapetonso, mawindo onse otsegula. Okwera adzadandaula, asiyeni. Hita ndi karadiyeta kakang'ono kobisika kuseri kwa dashibodi, ndipo imachotsako kutentha kokwanira kukufikitsani poti mungaime. Mukaiyatsa n'kumatuluka mpweya wozizira injini ili yotentha chonchi, dziwani kuti madzi atha kapena sakuzungulira, pokhapokha ngati mapaipi a hita anadulidwa kale. Pamenepo musapitirize ngakhale pang'ono.

Ngati muli pa chitunda, tsitsani giya. Madalaivala ambiri amaganiza kuti injini ikamalira pang'onopang'ono pa giya yayikulu ndiye kuti ikupuma. Ayi, ikulemedwa, ndipo pampu ya madzi nayo ikuzungulira mwaulesi.

Imani pamalo oti wobwera kutsogolo ndi kumbuyo akuoneni. Pa Chiweta izi si zocheza, chifukwa makona ake ndi obisika ndipo matiraki otsika sangaime mwadzidzidzi. Kokani handibuleki, ikani mwala kuseri kwa tayala, ikani zizindikiro za makona atatu zija patali ndithu. Miyala ndi nthambi zomwe mwaika mudzazichotse ponyamuka, chonde. Wa njinga yamoto wobwera usiku sadziwa kuti munaima pamenepo.

Kuzimitsa kapena kusazimitsa? Ngati kamuvi kangokwera koma sikanafike pofiira, nthunzi palibe, pansi sipakudontha, ndipo mukumva fani ikulira, isiyeni injini ilire mphindi ziwiri kapena zitatu galimoto ili chiimire. Nthawi zambiri kamuvi kamatsika. Koma ngati kafika pofiira, nthunzi ikutuluka, kapena injini yayamba kugogoda ndi kutha mphamvu, zimitsani pompo. Dikirani nthunzi ithe musanakweze boneti.

Tsopano pa chitsekerero cha radiyeta, pomwe anthu amapsa nkhope ndi manja. Madzi a m'katimo amakhala opanikizika, atatentha kupitirira pomwe madzi a mumphika amawirira. Mukatsegula, onse amawira kamodzi n'kutumphuka. Dikirani mphindi 30 kapena kuposerapo. Mukatero gwirani paipi yam'mwamba ya radiyeta ndi nsanza, muifinye. Ikakhala yolimba gwa, dikiraninso. Ikafewa, phimbani chitsekerero ndi nsanza yokhuthala, nkhope muyang'ane kumbali, pokotsani pang'ono mpaka pomwe chimayamba kukakamira, mpweya utuluke wonse, kenako ndiye muchichotse. Mu Hiace ndi Bongo injini ili pansi pa mpando wakutsogolo, choncho tsitsani anthu musanayambe kugwiragwira. Kondakitala wachangu amene wathamangira kale ndi chigubu mumuuze kuti, "Achimwene, dikirani kaye, sitikuthamangira kulikonse."

Madzi ozizira musawakhuthulire pa injini kapena m'kati mwa injini yotentha. Hedi, chigawo cha pamwamba pa injini, pa magalimoto ambiri a masiku ano ndi ya aluminiyamu, ndipo ikazizira mbali imodzi mwadzidzidzi imapindika kapena kung'aluka. Injini ikazizira, thirani pang'onopang'ono. Panjira, madzi alionse oyera ndi abwino kuposa kuyenda opanda madzi, kaya ndi a pa mjigo. Kungoti mukafika mudzawakhuthule. Mukathira n'kuona akutuluka pansi momwe mukuthiriramo, ulendo wathera pomwepo, funani wokukokani. Paipi ikang'ambika chakumapeto, pafupi ndi kilampu, mukhoza kudula kong'ambikako n'kuilowetsanso ngati yatsala yokwanira.

Funso loyamba mukafika: imatentha nthawi yanji?

Musanagule chilichonse, yankhani funso limeneli, chifukwa limadula theka la ntchito. Makaniko amene wayamba kumasula zinthu asanakufunseni, ndimamukayikira.

Ikamatentha mukaima, kaya pamzere wa mafuta kaya m'chipwirikiti cha pa depoti, koma n'kumatsika mukangoyamba kuthamanga, ganizani za fani. Pa liwiro mphepo imadzilowera yokha mu radiyeta, pomwe mukaima ndi fani yokha yomwe imaikoka. Ikamakhala bwino m'tauni koma n'kumakwera pa chitunda kapena mukathamanga nthawi yaitali mu msewu wa M1 kudutsa ku Chikangawa, ndiye kuti madzi sakuzungulira okwanira kapena radiyeta siikutaya kutentha kokwanira. Apa oganiziridwa ndi radiyeta yotsekeka, thermostat (kachitseko komwe kamatsegulira madzi njira yopita ku radiyeta injini ikatentha) yotseguka theka, ndi pampu yotha. Ikamatentha pakangopita mphindi zochepa mutailiza, ngakhale m'mawa, ndiye kuti mulibe madzi, mwatsekeredwa mpweya, thermostat yakanirira chitsekere, kapena gasiketi, yomwe imamata pakati pa hedi ndi thunthu la injini, yapita. Ndipo ngati mumathira madzi masiku angapo alionse, penapake pakudontha. Galimoto yabwino siimwa madzi.

M'mawa, injini isanalire

Tsegulani chitsekerero cha radiyeta yeniyeniyo, ngati galimoto yanu ili nacho, osangoyang'ana kabotolo ka pambali kolembedwa LOW ndi FULL. Kabotoloko kakhoza kukhala kodzaza radiyeta ili youma, makamaka chitsekerero chikatha. Madzi ayenera kufika pakhosi. Onani mtundu wake. Apinki, ofiira owala kapena obiriwira ndi coolant, madzi amankhwala opangidwira radiyeta. Ofiirira ndi dzimbiri akukuuzani kuti m'katimo mwakhala mukuyenda madzi wamba kwa nthawi yaitali.

Chitsekererocho chiyang'anitsitseni, poti n'chotchipa kuposa zonse koma chimavutitsa anthu miyezi. Pamwamba pake pamalembedwa 0.9 kapena 1.1, kutanthauza mphamvu yomwe chimapanikiza nayo madzi. Kuno ku Mzuzu madzi osatsekera amawira pa madigiri pafupifupi 96, chifukwa tili pamwamba, ndipo injini imafika pamenepo tsiku lililonse popanda vuto. Chitsekerero chabwino chimakweza powirira kupitirira madigiri 115. Labala wake akang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, injini yopanda matenda ena alionse imawira pa chitunda n'kulavulira madzi m'kabotolo. Gulani cha nambala yomweyo yomwe inalipo. Cha nambala yokulirapo chimaphulitsa mapaipi okalamba.

Pofuna kupeza podontha, yalani katoni pansi pa injini madzulo, m'mawa muone pomwe panyowa. Madzi oyera odontha mutayenda ndi AC si vuto. Coolant akauma amasiya zoyera kapena zapinki zokhala ngati zakokota, ndiye tsatirani zimenezo ndi tochi: pa makilampu, pomwe pulasitiki ya pamwamba pa radiyeta imalumikizana ndi chitsulo, ndi pansi pa pampu ya madzi pomwe pali kabowo kakang'ono. Kabowoko kakamadontha, pampu yatha. Kapeti ya kutsogolo ikamanyowa ndipo m'galimoto mukumveka fungo lotsekemera, ikudontha ndi hita. Finyani mapaipi onse. Yotupa, yofewa kwambiri kapena yosweka mukaipinda, sinthani. Yapansi ikafewa imaphwafuka injini ikathamanga, n'kutseka njira ya madzi pa chitunda penipeni, kenako imabwerera bwinobwino mukaima, ndiye mumangodabwa.

Pali ena omwe amathira dzira kapena ufa mu radiyeta kuti podontha patseke. Pamatsekadi tsiku limenelo, pamodzi ndi timipata tabwinobwino ta radiyeta ndi ta hita.

Lamba woyendetsa pampu asakhale wosweka, wonyezimira kapena wokhwefuka. Injini ili yozima, gwedezani pule ya pampu ngati ikufikirika. Siyenera kusewera.

Kenako gwadani kutsogolo muunike kudzera m'magiriro. Kutsogolo kwa radiyeta kumakhala ina yopyapyala ya AC, ndipo pakati pa ziwirizi ndi pomwe pamaunjikana zinthu: fumbi la misewu ya dothi, njere za udzu, timapepala ta pulasitiki, ngumbi za mvula yoyamba, ndi tizilombo ta nkhungu ngati munadutsa m'mbali mwa nyanja tsiku lomwe tatuluka. Kunja kumaoneka koyera, pakati pali chikhakha. Tsukani ndi madzi a paipi wamba kuchokera ku mbali ya injini kupita kunja. Anyamata otsuka magalimoto ndi makina amphamvu aja muwauze asayandikize, chifukwa timapiko ta radiyeta n'topyapyala ndipo tikagona mphepo siidutsanso.

Onaninso oyilo. Akachepa injini imatentha, ndipo pali chinanso choti muone pamenepo chomwe tichipeze kutsogoloku.

Ilizeni, muime pambali

Tsekani chitsekerero, lizani injini, dzanja likhale pa paipi yam'mwamba, kutali ndi fani ndi lamba. Fani ya magetsi imadzuka yokha osachenjeza. Kwa mphindi zingapo paipiyo iyenera kukhala yozizira kapena yofunda pang'ono, kenako itenthe mofulumira. Pamenepo thermostat yatseguka. Ikayamba kufunda pang'onopang'ono kuchokera pachiyambi, thermostat mulibe kapena yakanirira chitsegukire. Geji ikamakwera radiyeta ikadali yozizira, yakanirira chitsekere.

Pitirizani kudikira mpaka fani idzuke. Pa magalimoto ambiri kuyatsa AC kumaidzutsa nthawi yomweyo, ndiye yesani zimenezo. Ikakana, tsegulani kabokosi ka mafyuzi ka mu boneti. Pachivundikiro pake pali chithunzi chosonyeza fyuzi ya fani ndi relay yake, kaswitchi kamagetsi komwe kamaiyatsa. Fyuzi yopsa muikepo ya nambala yomweyo, osati waya wopota. Relay mukhoza kuisinthanitsa ndi ina yofanana nayo m'kabokosimo, monga ya hutala, kuti muone. Zonsezi zikakhala bwino, wamagetsi alumikize fani ku batire mwachindunji. Ikazungulira, vuto lili pa sensa kapena mawaya. Ikapanda kuzungulira, kapena ikamazungulira mwaulesi, mota yake yatha.

Fani ikhoza kulira koma ikukankhira mphepo kolakwika, makamaka ngati galimoto inachitapo ngozi wina n'kulumikiza mawaya mosemphanitsa. Ikani pepala kutsogolo kwa magiriro fani ikulira. Liyenera kukokedwa n'kumamatira. Chipulasitiki chozungulira fani chikasweka kapena chikachotsedwa, fani imangovundula mpweya wotentha wa m'bonetimo.

Hilux, Land Cruiser ndi Hiace zambiri zili ndi fani yoyendera lamba, yokhala ndi kilatchi ya mafuta pakati. Injini itatentha bwino, izimitseni, chotsani kiyi, zunguzani faniyo ndi dzanja. Iyenera kukakamira n'kuima msanga. Ikamangozungulira pwepwete, kilatchi yatha, ndipo galimoto yotereyi imayenda bwino nthawi yozizira yonse n'kudzawira pa Chiweta mu Novembala.

Radiyeta yotsekeka m'kati imadziwika ndi dzanja. Injini yotentha itazimitsidwa, kiyi ili m'thumba, yendetsani chikhatho pafupi ndi nkhope yake. Malo ozizira pakati pa malo otentha ndi timipata totsekeka. Ya mkuwa yakale owotcherera amaitsegula n'kuitokosa. Ya aluminiyamu ndi pulasitiki ikafika pamenepa, nthawi zambiri n'kwabwino kugula ina kusiyana ndi kumangobwerera ku galaji.

Za kuchotsa thermostat

Mudzamva mawu awa: "Bwana, ichi n'cha kozizira ku Japan, kuno sichifunika, tingochotsa." Musavomere. Ku Japan nako m'chilimwe kumatentha kupitirira madigiri 30, ndipo kuno ku Mzuzu mu Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10. Injini yopanda thermostat imachedwa kufunda, ndipo potsika mtunda wautali imaziziratu. Kompyuta yake ikaona kuti yazizira imawonjezera mafuta, ndiye mukulipira pogula mafuta tsiku lililonse, mapulagi akuda, injini ikutha msanga. Choipa kwambiri n'chakuti ngati vuto linali radiyeta kapena fani, likadalipo, langobisala mpaka chitunda china. Pa injini zina thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kobwezera madzi mu injini, moti mukaichotsa madzi ena amazungulira osadutsa mu radiyeta.

Kuiyesa n'kosavuta. Pa thermostat pamadindidwa nambala, pa Toyota zambiri 82. Imangeni ndi chingwe, muilendeweretse m'poto wa madzi pa mbaula osakhudza pansi. Madzi asanawire iyenera kuyamba kutseguka, akamawira ikhale itatseguka bwino, ndipo mukaitulutsa itsekenso yokha. Ikalephera chimodzi mwa izi, gulani yatsopano ya nambala yomweyo. Poika, kabowo kakang'ono kokhala ndi kachitsulo kosewera kakhale m'mwamba, kuti mpweya uzitulukira pamenepo.

Kuthira coolant ndi kutulutsa mpweya

Coolant amateteza ku dzimbiri, amasamala labala wa pampu, ndipo amakweza powirira. Madzi a pa mjigo amasiya mchere m'timipata, ndipo pampu ina mukaimasula mumapeza mapiko ake atadyeka ndi dzimbiri, ikungozungulira osakankha kanthu. Khuthulani akale, tsukani mpaka otuluka ayere, kenako werengani pa botolo. Wina amabwera wosakaniza kale, wina mumasakaniza theka ndi theka ndi madzi aja omwe amathira mu batire, osati asidi. Mitundu yosiyana musaphatikize. Coolant ndi poizoni koma amatsekemera, choncho wotsala ndi wokhuthulidwa yemwe asakhale poti mwana kapena galu angafikire.

Ambiri amalakwa pomaliza penipeni. Mpweya ukatsalira m'kati, galimoto yomwe yangokonzedwa kumene imawiranso. Imikani galimoto mutu uli chakumtunda, hita pamapeto, chitsekerero chochotsa, injini ili yozizira poyamba. Ilizeni. Thovu lizituluka, madzi azitsika, inu muzionjezera, mukufinyafinya paipi yam'mwamba, mpaka thermostat itseguke ndipo hita itulutse mpweya wotentha. Tsekani, dzazani kabotolo mpaka pa FULL, yendani pang'ono, ndipo mawa lake m'mawa muonenso.

Gasiketi

Iyi ndiyo yodula, n'chifukwa chake yabwera kumapeto, ngakhale amakaniko ena amaitchula poyambirira. Zizindikiro zake ndi izi. Thovu silikutha pakhosi pa radiyeta ngakhale mwatulutsa mpweya. Paipi yam'mwamba ikulimba gwa pakangopita mphindi imodzi kapena ziwiri mutaliza injini yozizira. Madzi akutha koma katoni ndi youma. Ku ekizozi kukutuluka utsi woyera wonunkhira motsekemera womwe suleka injini ikafunda, wosiyana ndi kanthunzi ka m'mawa wa Juni komwe kamatha kokha. Oyilo pa kandodo koyezera kapena pansi pa chitsekerero chake wasanduka ngati tiyi wothira mkaka. M'mawa injini ikunjenjemera kwa kanthawi isanakhazikike.

Chizindikiro chimodzi chokha sichikwana kuti amasule injini. Pemphani kuti ayeze kaye: pali pampu yam'manja yomwe amapopera nayo mpweya mu radiyeta kuti aone ngati ukutsika, pali kuyeza compression, mphamvu yomwe silinda iliyonse imapanikiza nayo mpweya, ndipo magalaji ena ali ndi mankhwala abuluu omwe amasintha mtundu utsi wa injini ukamalowa m'madzi. Oyilo akasakanikirana ndi madzi musayendetsenso galimotoyo, chifukwa mabering'i amatha msanga.

Ikapezekadi kuti ndi gasiketi, hedi ipite kukayezedwa ngati yapindika kapena yang'aluka, ndipo akaipale ngati pakufunika. Mabawuti ake amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu, motsatira ndondomeko ya injiniyo, osati mongoyerekeza ndi mkono. Oyilo ndi fyuluta zisinthidwe. Ndipo musanalipire, funsani kuti, "Nanga chinaiwiritsa poyamba n'chiyani, akulu?" Kawirikawiri gasiketi imapsa chifukwa fani, radiyeta kapena paipi zinalephera kale, ndipo zikasiyidwa momwemo yatsopanoyo idzapsanso.

Zonse zikaoneka bwino koma kamuvi kakukwerabe, gwirani pafupi ndi malimu mukangoima. Limodzi likatentha kuposa anzake, buleki ikugwira ndipo injini ikukoka galimoto yomangika. Werenganinso katundu: Sienta inapangidwira anthu asanu ndi awiri, osati khumi ndi matumba a chinangwa pamwamba. Nthawi zina wonama ndi sensa kapena geji yomwe, ndipo makaniko wokhala ndi kompyuta yolumikiza pansi pa chiwongolero akhoza kuwerenga madigiri enieni galimoto ikukwera. Poyesa mukatha kukonza, musayesere m'tauni mokha. Tsikani chakumunsi mu msewu wa ku Nkhata Bay masana, mutanyamula chigubu cha malita 5 ndi nsanza yokhuthala, mutembenuke, mukwere AC ili yoyatsa.